Khoko Lonyezimira pa Chipata cha Halloran

Orval Stensrud apolisi anamugwira Lachinayi masana, ali pakhonde pake akusenda mbatatesi. Ine ndinamva pasanathe ola, chifukwa muno mu Tarrant Fork nkhani imathamanga kuposa galimoto ya apolisi. Ndinazimitsa moto pansi pa mphika wa mtovu, ndinavula epuloni, n'kuuyatsa ulendo wa kupolisi ndisanasambe n'komwe m'manja.

Ndine Rhoda Kvale. Ndakhala ndikudzipangira ndekha zipolopolo kwa zaka 35, ndipo anandiphunzitsa ndi Orval yemweyo mwamuna wanga atamwalira. Orval ndi mnansi wanga, nkhalamba ya zaka 74, youma mutu ngati chitsa. Ankamuganizira kuti wapha Boyd Halloran, mkulu uja wotengera alendo olemera kumapiri kukasaka, amene anapezeka m'mawa wa tsiku lomwelo ali chafufumimba pafupi ndi chipata chake, chipolopolo chitamuboola khosi.

Nkhaniyi inali m'manja mwa Marnie Etcheverry, wapolisi amene ndinamuona akuyamba kuyenda, ndipo ndine ndinamuphunzitsa kugwira mfuti. Atandiona pakhomo anapumira m'mwamba.

"Mayi Kvale, chonde, musayambe."

"Ndayamba kale. Wam'mangiranji mkulu uja?"

Anatsegula kabati n'kuika patebulo kathumba kapulasitiki. M'katimo munali khoko la chipolopolo cha .44 maginamu, lowomberedwa kale, lonyezimira ngati mphete ya ukwati. Kunsi kwake, mozungulira kabatani koyatsira wonga, kunali mzere wa utoto wabuluu.

"M'chigwa muno ndani amapaka buluu?" anafunsa.

"Orval."

"Talipeza kuseri kwa chipika cha paini, mapazi 120 kuchokera pomwe anagwera a Halloran. Pomwe munthu anagwada pakuoneka. Ndipo tauni yonse inamva zomwe a Stensrud ananena za loko uja."

Izo zinali zoona. Halloran anakhoma loko pachipata cha msewu wopita kunkhalango ya boma, msewu umene makolo athu ankayendamo iye asanabadwe. Orval anaudula lokoyo katatu, ndipo kachitatuko analengeza m'sitolo, anthu ali thothotho, kuti tsiku lina adzadula china osati loko. Pakamwa pake panali patamupeza.

"Marnie, tandiyang'ana," ndinatero. "Orval anayamba wasiyapo khoko pansi? Munthu uja anakwawapo m'chipale ola lathunthu kufuna khoko limodzi, eliki, nyama yonga mphalapala, yomwe anawombera ikuzizira pambali. Munthu wodzipangira zipolopolo dzanja lake limatola lokha mfuti isanasiye kufuka, poti khoko timalidzazanso wonga."

"Munthu akapha mnzake amaiwala zambiri, mayi."

"Chomwe chamuphacho chili kuti?"

Anatulutsa kathumba kena. Chipolopolocho chinadutsa pakhosi n'kukakanirira mu nsanamira yamtengo ya chipata. Chinali cha mtovu wolimba, choumbidwa pachikombole kunyumba, mphuno yake itaphwanyika. Ndinachiika pachikhatho ndipo sindinafunike sikelo.

"Ichi kulemera kwake ndi 300, chophera chimbalangondo. Tenga chimodzi mwa zomwe walanda kwa Orval, uzule mutu wake uyeze. Upeza 200, ndi wonga wochepa."

"Inu mukudziwa bwanji zimenezo?"

Ndinaluma lilime. "Ndimadziwa basi."

"Mwina anasungako zakale. Akatswiri a kumzinda adzatiuza mfuti yomwe inawombera, koma ali ndi mzere wa miyezi iwiri. Pakadali pano akaonekera kwa woweruza Lolemba, ndipo belo sapatsidwa."

Miyezi iwiri m'chitolokosi, munthu wa msinkhu umene uja! Ndinatenga kathumba ka khoko kaja n'kupita nako pawindo. Khoko loti lawomberedwa m'mawa womwewo m'kati mumakhala muli bii ndi mwaye. Ili linali loyera mpaka pansi. Ndinalipendeketsa, ndinaligogoda ndi chala, ndipo kanthu kakang'ono kachikasu kanagwera m'kathumbamo.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Marnie.

"Kanyenyeswa ka chitsononkho cha chimanga. Khoko ili wina analitsuka asanalitaye pamenepo."

*

Orval anali atakhala pabenchi m'chitolokosi, chipewa chili pamaondo, nkhope italoza pambali panga pang'ono, monga ankachitira masiku amenewo akafuna kuona munthu.

"Wabwera kudzandiona kapena kudzandilalatira?"

"Zonse."

Apa ndikuuzeni zomwe tauni sinkadziwa. Kuyambira Marichi wa chaka chatha maso a Orval anayamba kufa pakati. Ankaona za m'mbali zokha. Sikelo ya wonga sankathanso kuiwerenga, choncho zipolopolo zake ndinkamupangira ndine, n'kumapaka utoto wake wabuluu kuti anthu asazindikire. Anandilumbiritsa pamanda a mwamuna wanga kuti sindidzauza munthu, chifukwa mwana wake wamkazi wa ku Spokane anali atamupezera kale malo kunyumba yosungirako okalamba, akungodikira chifukwa. Tsiku lomwe ndinamuperekeza kwa dokotala ndinamva ndi makutu angawa kuti kugunda kwa mfuti yamphamvu kungamalize pang'ono potsalapo. Ndiye ndinayamba kumuikira mitu yopepuka ndi wonga wochepa, koma zimenezo sindinamuuze.

"Bokosi lomwe unabweza mwezi watha linkaperewera makoko atatu," ndinatero. "Anapita kuti?"

Anatembenuza chipewa chake. "Kudzenje kuja timayeserako mfuti. Anagwera muudzu. Ndinapapasa mpaka maondo kutupa, osawapeza."

"Ndiye wina anawatola. Orval, tamvera. Munthu uja wawomberedwa pakhosi pa mapazi 120. Iwe pa mapazi 20 khomo la khola suliona. Uwauze, utuluke lero lomwe."

"Ndani wakuuza kuti sindikanatha?"

"Usandiputse, mkulu iwe!"

"M'masiku anga ndikanamuwombera padiso, undiuze lakumanja kapena lakumanzere." Anaseka, kenako nkhope inauma. "Rhoda, kundende munthu wodziwa mfuti amamupatsa ulemu. Kuja akufuna kunditengera kuja amakumwetsa phala ndi supuni, n'kumakuuza kuti wachita bwino. Ndifere kundende kuno bola. Anthu azinena kuti Stensrud anapha munthu, osati Stensrud ankasochera pakhonde pake."

"Ukufuna wakuphayo aziyenda m'tauni muno akukuseka?"

"Umugwire iweyo. Si ndiwe wanzeru? Koma unalumbira, ndipo mwamuna wako anamva."

Ndinatuluka mmenemo mtima ukuwira. Ndinali ndi masiku atatu oti ndimutulutse popanda kutsegula pakamwa panga, ndipo ndinatsimikiza kuti ndichita zimenezo ngakhale tauni yonse inali itamuweruza kale.

*

Lachisanu m'mawa ndinali woyamba kulowa m'sitolo ya Dot Pulaski, komwe tonse timagula wonga, mabatani ndi mtovu. Dot safunika kumufunsa kawiri. Vuto ndi kumuletsa.

"Ee, Rhoda mnzanga! Ine sindinagone, wamva? Ndinawauza ine a Orval tsiku lija, ndinati bambo inu, pakamwapo padzakupezani. Khofi? Ndangophika kumene. Ati magazi anafika mpaka pamsewu. Ine sindinaone, koma ati."

"Dot, ndani amagula zitsononkho zogaya zotsukira makoko?"

"Iwe suli m'gulumo, ndikudziwa, iwe ndi viniga wako ngati ukutsuka mapoto. Ambiri anasiya, ati fumbi. Atsala awiri. Abusa, koma aja mfuti yawo ndi ya abakha ndi kena kakang'ono ka akalulu. Ndi Cleve Radtke, uja amayendetsa alendo a malemu. Ameneyo ndiye thumba lathunthu mwezi uliwonse! Makina ake sagona. Ati khoko lakuda ndi la munthu waulesi. Amadziyang'anirapo ngati galasi, mnyamata wachikulire ngati uja."

"Ali ndi .44?"

"Yaifupi ija, ngati ya a Orval. Mu Epulo anandiitanitsa chikombole cha 300. Ndinati iwe, phewa lako ulibe nalo ntchito? Ati chimbalangondo sichimva zoseweretsa. Ndipo kudzenje kuja amatola makoko a aliyense ngati nkhuku yotola mapira. Ukangowombera umupeza ali kumapazi ako." Anaima pang'ono, n'kutsitsa mawu ngakhale tinalimo awiri okha. "Ine sindinena za anthu, ukundidziwa. Koma Lachitatu anakangana ndi malemu panja apo, pafupi ndi pampu ya mafuta."

"Za chiyani?"

"Mawindo anali otseka, mnzanga, ndinapukuta galasi kawiri konse osamva kanthu. Ndinangomva mawu amodzi pomwe a Halloran ankalowa m'galimoto. Anati, 'Mawa ndikanena.'"

*

Kunyumba kwa Halloran sindinali mlendo wofunidwa, koma ndinapita. Mkazi wake, Renata, anandilandirira pakhomo osandiuza kuti ndilowe. Ndi mayi wa mawu ochepa, ndipo tsiku limenelo anali ochepa koposa.

"Mwabwera kudzapepesa m'malo mwa mnzanu?"

"Ndabwera kudzapepesa maliro. Mnzangayo sanaphe munthu. Amuna anu ankapita kuti dzulo m'mawa?"

"Kwa oyang'anira nyama."

"Kukatani?"

"Anapeza chimbalangondo chokwiriridwa kumtunda. Cha mtundu woletsedwa kupha. Chachikazi, ana ake awiri atafera pambali."

"Anachipha ndani?"

"Sanandiuze. Anati ndi nkhani ya amuna." Anatseka chitseko.

Aliyense kuno amadziwa mapeto a mlandu wotere. Woyendetsa alendo akapezeka nawo amalandidwa chiphaso moyo wake wonse, ndipo ndende imamudikira. Ndikubwerera kugalimoto ndinamva mawu ofewa ngati batala kumbuyo kwanga.

"Amayi athu a Kvale! Mwatiyendera pa nthawi yovuta. Mulungu akudalitseni."

Anali Cleve Radtke, atanyamula ndowa ya chakudya cha mahatchi. Anavula chipewa n'kuchigwirizira pachifuwa. Palamba wake panali zipolopolo zisanu ndi chimodzi, zonyezimira mpaka kuthobwa m'maso.

"Ndamva kuti ndiwe unawapeza," ndinatero.

"Ine ndemwe, amayi, tsoka langa. Ndinagona kumsasa kumtunda ndi mahatchi, ndekhandekha. Nditatsika cha m'ma naini ndinangoona abwana ali gone. Ndinalira ngati mwana. Ndipo khoko lija, amayi, pomwe ndinkawaonetsa apolisi mtima unandipweteka. A Stensrud ndi bambo athu tonse. Ndani sanaphunzirepo kanthu kwa iwo?"

"Unawaonetsa ndiwe?"

"Ndikanabisa bwanji, amayi? Choonadi n'choonadi."

"Maso ako ndi akuthwa, mwana iwe. Kakhoko kakang'ono ngati chala, mapazi 120, kuseri kwa chipika, muudzu wofika m'maondo. Unakaona bwanji?"

Anamwetulira. "Kankanyezimira, amayi."

"Eya, kankanyezimiradi. Zaka makumi anayi ndaona makoko a Orval, sindinaonepo limodzi likunyezimira."

Kumwetulira kuja kunatsala pamilomo pokha. Anavala chipewa chake pang'onopang'ono.

"Muziyenda bwino, amayi," anatero. "Misewu ya kuno ndi yoterera kwa anthu achikulire."

"Ndinayamba kuyendamo iwe ukadali m'matewera," ndinamuuza, ndipo ndinaliza galimoto.

*

Ndinamukhuthulira Marnie zonse: zitsononkho, chikombole cha 300, mkangano wa Lachitatu, chimbalangondo chokwiriridwa. Analemba, anaimbira woweruza kupempha chikalata chokasechera kwa Cleve, anamvetsera, n'kuika foni pansi.

"Akana. Ati zonsezi ndi nkhani za m'sitolo."

"Nkhani za m'sitolo! Nanga kanyenyeswa kaja?"

"Ati mwina a Stensrud anabwerekapo makina a munthu. Koma funso lawo lalikulu ndi ili, ndipo ndi langanso." Anandiyang'ana m'maso. "Munanena nokha dzulo, mutaima pomwepo, kuti a Stensrud sasiya khoko pansi. Chigwa chonse chimadziwa zimenezo. Ndiye Cleve analitenga kuti khoko lawo? Kunyumba kwawo sikunathyoledwe. Mawu anu omwe ndi amene akuwamanga, mayi."

Ndinakhala pansi. Msampha umenewu ndinautchera ndekha, ndi pakamwa panga pomwe. Kuseri kwa khoma la ofesi ya Marnie kunali munthu amene anandiphunzitsa ntchito yomwe inandidyetsa pamene ndinalibe aliyense, ndipo anandipempha chinthu chimodzi chokha m'moyo wake wonse. Ndinaganiza za manda a mwamuna wanga. Ndinaganizanso za Cleve, amene tsopano ankadziwa kuti ndamununkhiza, ndipo anali ndi tsiku lonse loti akonze m'nyumba mwake. Ndinakwiya ndi Orval, ndinakwiya ndi woweruza, koma ndinadzikwiyira ndekha kuposa onsewo, chifukwa ndinadziwa zomwe ndichite Marnie asanamalize n'komwe kuyankhula.

"Tenga cholembera," ndinatero. "Orval saona."

"Mwati chiyani?"

"Wamva. Pakati pa maso ake ndi mdima. Makoko atatu anamugwera kudzenje mwezi watha ndipo analephera kuwapeza. Zipolopolo zake ndimapanga ndine, zopepuka, chifukwa dokotala analetsa zamphamvu. Dzina la dokotalayo ndi ili. Muimbire."

Marnie anagwira pakamwa. "Ndiye dzulo pomwe ndinkawapatsa pepala loti awerenge, iwo n'kunena kuti sawerenga zinyalala za boma..."

"Sakanatha ngakhale akanafuna."

"Mayi, mukudziwa kuti zikalembedwa ndiyenera kuwalanda layisensi ya galimoto? Ndi kuimbira mwana wawo?"

"Ndikudziwa. Lemba msanga, misozi tikalirira kutsogolo."

Anaimbira dokotala, kenako woweruza. Chikalata chinatuluka dzuwa lisanapendeke.

*

Marnie ananditenga kuti ndikamuuze zomwe akuona, pamodzi ndi wapolisi wina wamwamuna. Tinamupeza Cleve m'kanyumba kake kopangiramo zipolopolo, kuseri kwa makola a mahatchi. Ndiyenera kuvomereza, munali mwaudongo kuposa khitchini yanga. Makina otsukira makoko ankang'ung'udza pakona, odzaza ndi zitsononkho zachikasu.

"Takulandirani, takulandirani! Sechani momasuka, akuluakulu. Munthu wosalakwa saopa."

Anali atakonzadi. Mfuti inali itapukutidwa, ikununkha mafuta. Chikombole cha 300 sichinaoneke paliponse. Koma pashelefu panali mabotolo a makoko otola kudzenje, osanjidwa malinga ndi kukula kwake, ndipo ndinauza Marnie kuti akhuthule la .44 patebulo. Ndinawagudubuza ndi chala limodzilimodzi. Awiri anali ndi mzere wabuluu kunsi, onyezimira ngati lija la pachipata.

"Amenewo ndinatola kalekale, amayi. Kutola si mlandu."

"Anagwa atatu. Khoko lachitatu lili kupolisi. Tandipatsa bokosi lomwe umayenda nalo."

Linali m'chikwama chake chapahatchi. Bokosi la malo makumi asanu. Zisanu ndi chimodzi zinali palamba wake, ndipo zina zonse zinali mmenemo, mitu yake ya 300 italoza pansi, kupatula malo amodzi apakona. Pamenepo panali khoko lopanda kanthu, loikidwa chozondoka monga timachitira tonse tikawombera. Ndinalitulutsa. M'kati munali bii, ndipo wonga unali ukununkhabe.

"Unati unali ndi mahatchi basi," anatero Marnie. "Wawombera chiyani sabata ino?"

Cleve anayang'ana khokolo. Munthu ameneyu anakumbukira kupukuta mfuti, anakumbukira kutaya chikombole, anakumbukira kulira pamaso pa apolisi, koma dzanja lake linatola khoko lake lomwe iye osalituma.

"Iwe," ndinatero, chifukwa ndinkafunadi kudziwa, "mtsinje uli apa. Bwanji sunaliponye m'madzi?"

"Khoko labwinobwino?" Mawuwo anamupulumuka asanawagwire. "Ndangoliwombera kawiri kokha, likadali ndi ntchito."

Wapolisi mnzake wa Marnie anatulutsa unyolo.

*

Orval anamutulutsa Loweruka m'mawa. Nkhani inali itafika kale paliponse, yonse, ya maso yomwe. Anthu anadzaza mbali ina ya msewu ngati akugula kanthu kwa Dot, koma maso onse ali pakhomo la polisi. Ine ndinaima pamwamba pa masitepe, makiyi a galimoto ali m'manja.

Anatuluka atavala chipewa, anaima, n'kupendeketsa mutu mpaka anandipeza.

"Wanena."

"Ndanena."

"Unalumbira pamanda."

"Ndinalumbira, ndipo ndaphwanya. Atakumanganso mawa ndidzaphwanyanso. Usayembekeze kuti ndikupepesa, Orval, chifukwa sindipepesa."

"Mwana wanga akubwera Lachiwiri. Wabwereka kale galimoto yonyamulira katundu."

Ndiye poti zonse zinali zitayalidwa kale pambalambanda, ndinati ndimalize. "Pali china. Zipolopolo zomwe ndakhala ndikukupangira zija..."

"Ukuganiza kuti phewa langanso ndi lakhungu? Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Zipolopolo zophera agologolo."

"Nanga unkalowa nazo bwanji m'nkhalango ya zimbalangondo, chitsiru iwe?"

"Chifukwa kumbuyo kwanga kunkayenda mayi wina wolemera mapazi ngati ng'ombe, atanyamula mfuti yake."

Nkhope inanditentha. Miyezi yonseyo, nthawi iliyonse akalowa m'nkhalango, ndinkamutsata chapatali ndi mfuti yodzaza zipolopolo zenizeni, ndikubisala kuseri kwa mitengo ngati mbala. Ndinkadziyesa katswiri.

"Zimenezo ndinakukhululukira kalekale," anatero. "Izi ayi."

Ndinamupatsa mkono kuti atsike masitepe. Anaukankha. Anatsika yekha, akuwerenga ndi phazi, msana uli njo, tauni yonse ikuonerera. Sitepe lomaliza analiphonya. Anagwa ndi bondo limodzi pasimenti, chipewa n'kugubuduka, ndipo Marnie anathamanga kuchokera pakhomo.

"Osandigwira!"

Mawuwo anamveka mpaka kusitolo. Marnie anaima pomwepo. Orval anapapasa pansi mpaka anapeza chipewa chake, anachikung'untha, anadzuka, n'kutembenukira mbali yomwe kunali anthu aja.

"Mwaonera zokwanira? Kagwireni ntchito!"

Kenako anauyamba msewu wa kwathu wapansi, mtunda wa maola awiri, akutsimphina, akuyenda m'mphepete momwe phazi limamva miyala. Ndinayang'ana makiyi m'manja mwanga, ndinayang'ana galimoto, n'kuwaponya m'thumba. Misozi inkatsika ndipo sindinaipukute, aone amene akufuna kuona. Ndinamulondola pambuyo mapazi khumi, ulendo uno osabisala, ndikuponda mwamphamvu dala.

Sanacheuke ngakhale kamodzi. Koma titafika pachitunda cha kutsidya kwa mlatho, pomwe maondo anga amandivuta nthawi zonse, anachepetsa liwiro kuti ndisatsalire.